Mawu Opanda Mwini

Pamoyo wanga wonse ndidapambanapo chisankho kamodzi kokha, ndipo nditamva kuti ndapambana, ndidalakalaka ndikadagonja. Anthu kuno ku Liwaladzi akamandimva ndikunena zimenezi amaseka, amayesa ndi nthabwala za munthu amene adakwerapo ndege. Koma ndi zoona, ndipo amene adandivotera ena mwa iwo ndimalankhula nawobe pafoni.

Chidandichotsa kuno ndi nyanja. Ndidakhala zaka zambiri ndikukoka khoka la chilimira la munthu wina, mpaka usipa udayamba kuchita manyazi, anthu khumi kumabwerako ndi ndowa ziwiri. Nthawi imeneyo mwana wanga woyamba, Zainabu, adali atangosankhidwa kupita ku sekondale. Atsibweni ake, alamu anga a Saidi, adali atayamba kale kunena kuti mtsikana akadziwa kulemba dzina lake zakwana, ndipo pali mnyamata wa golosale ku Benga amene akufunsira. Kwathu kuno mawu a mtsibweni amalemera kuposa a bambo, makamaka bambo amene m'thumba mwake muli mphepo. Tidagwirizana kuti malinga ngati ndikutumiza za sukulu, nkhani ya ukwati ikhale pansi. Tsiku limene ndidzalephere, iwo adzachite zimene akuona. Ndiye atabwera munthu pa boma kudzalemba anthu okagwira ntchito yomanga ku dziko la Aluya, ndidalawirira m'mamawa kukaima pamzere.

Kampu yathu idali pakati pa mchenga, kutali ndi tawuni. Ine ndidakulira pamchenga, koma wa kwathu ukauyenda umakafika pa madzi. Uwu umangopitirira. Tinkagona m'zipinda za malata, mabedi osanjikiza, ndipo basi inkatitenga dzuwa lisanatuluke kupita kumene tinkamanga nyumba yaitali yosanja. Pakampupo padali amuna okwana mudzi wathunthu. Ambiri adali a ku Nepal, kenako a ku Pakistani ndi a ku Bangladeshi, ndi Afilipino ochepa. Anzanga amene ndidanyamuka nawo adawatumiza kumakampu ena, moti Mmalawi ndidali ndekha. Dzina langa palibe adavutika nalo, onse ankangonditcha Malawi. Tinkalankhula chinenero cha pakampu, Chihindi pang'ono, Chingerezi pang'ono, Chiluya pang'ono, kotsalako manja.

Anzanga enieni adali awiri. Woyamba ndi Dhan, wa ku Nepal, munthu wamfupi womanga zitsulo, amene kwawo adali wa chipani ndipo ankakhulupirira chisankho kuposa mmene ine ndimakhulupirira mankhwala a malungo. Ngakhale nkhani ya kutsegula kapena kutseka zenera, iye ankafuna tikweze manja. Wachiwiri ndi Haji Gul, bambo wachikulire wa kumapiri a ku Pakistani, wa ndevu zofiira, amene ankayendetsa chigalimoto chosakaniza simenti. Lachisanu lidali tsiku lopuma. Ine ndi Haji tikachokera ku mzikiti tinkamupeza Dhan atatiphikira tiyi pamthunzi wa thanki ya madzi, ndipo tisanamalize kapu yoyamba mkangano udali utayamba.

"Munthu mmodzi, dzanja limodzi," ankatero Dhan. "Manja akachuluka, nkhani yatha."

"Dzanja la chitsiru ndi dzanja la munthu wanzeru uwawerenga chimodzimodzi?" ankayankha Haji. "Kwathu akuluakulu amakhala mozungulira, ndipo sadzuka mpaka onse atagwirizana, ngakhale zitenge masiku atatu."

"Nanga amene alibe ndevu amalankhulira pati?"

"Amadikira ndevu zimere."

Tsiku lina adatembenukira kwa ine kuti ndinene za kwathu. Ndidawauza kuti ife tili nazo zonse ziwiri. Timavota ndithu, ndipo wopambanayo timadzamuonanso patapita zaka zisanu atanenepa. Koma kumudzi mfumu ikamwalira, amayi akuluakulu a m'banjamo ndiwo amakhala paokha kusankha wolowa m'malo, ndipo munthu amene akuonetsa kuti akuufuna ufumuwo samupatsa. Dhan adaseka mpaka tiyi adamutsamwa. Haji sadaseke. Adandifunsa kawiri ngati ndanenadi kuti amayi, ndipo nditavomera adapukusa mutu n'kundipempherera.

Mikangano imeneyi idali yongotayitsa nthawi mpaka pamene madzi adasintha. Galimoto imene inkadzaza thanki yathu idasiya kubwera, m'malo mwake kudayamba kubwera ina. Madzi ake adali amchere, onunkha dzimbiri, ndipo pofika masana ankatentha ngati osamba wodwala. Anthu adayamba kudwala msana ndi kuvutika pokodza. Ena ankagwa pantchito. Kapitawo wathu, amene ankamwa madzi a m'botolo, ankati thankiyo ilibe vuto, vuto ndi ulesi wathu.

Tidayamba ndi njira ya Dhan. Tidakweza manja, tidasankha mnyamata wina wa ku Nepal wodziwa kulankhula, ndipo adapita ku ofesi kukanena. Patapita masiku anayi adamupatsa pasipoti yake n'kumukweza ndege. Kenako tidayesa njira ya Haji. Akuluakulu atatu, mmodzi mwa iwo Haji, adavala zoyera n'kupita limodzi. Adawalandira bwino, adawapatsa mipando, ndipo sabata yotsatira wamkulu pa onsewo adamuuza kuti wakalamba, akapume kwawo. Haji adapulumuka chifukwa padalibe wina wodziwa chigalimoto chake. Madzi adakhalabe omwewo, ndipo aliyense pakampu adadziwa tsopano kuti wotsegula pakamwa ndiye wokwera ndege.

Ndiye kudamveka kuti mwini kampani akubwera Lachinayi kudzaona nyumba imene tinkamanga. Munthu ameneyu tidali tisanamuonepo. Lachisanu Dhan adaitanitsa msonkhano, adakwera pa ndowa, n'kunena kuti mwayi ndi umenewu, tisankhe munthu wokaima pamaso pa mwini wakeyo. Adapempha maina. Aliyense adangoyang'ana zala za kumapazi kwake. Kenako mawu adachokera kumbuyo.

"Malawi amadziwa Chingerezi. Amadziwanso kupereka salamu."

Ndisanatsegule pakamwa, manja adali m'mwamba ngati chimanga cha m'dimba. Ndidayang'ana uku ndi uku ndipo ndidamvetsa bwino lomwe. Sadandisankhe chifukwa cha Chingerezi, chimene ndidasiyira Sitandade 7. A ku Nepal sadafune kutayanso wa ku Nepal. A ku Pakistani sadafune kutayanso wawo. Ine ndekha ndidali munthu amene atachotsedwa palibe chipinda chimene chikadalira. Dhan nayenso dzanja lake lidali m'mwamba, maso ali pansi.

Anthu atabalalika ndidamugwira malaya.

"Ukudziwa kuti ndikalankhula ndikwera ndege?"

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa za mwana wanga?"

"Ndikudziwa, Malawi. Koma anthu asankha. Ndikakana zimene anthu asankha chifukwa chakuti wasankhidwayo ndi mnzanga, ndiye kuti zonse zimene ndimanena ndi bodza."

"Ine sindidaufune utsogoleri umenewu."

"Ndiye kwanu amayi aja akadakupatsa ufumu," adatero Haji, koma ataona nkhope yanga adaleka.

Ndidachita mantha, ndisaname. Ndikalankhula, ndibwerera ku Liwaladzi chimanjamanja, ndipo Zainabu, amene adali Fomu 3, apita ku Benga kukayeza shuga pa sikelo ya mwamuna wake. Ndikakana, ndikhala pakati pa anthu amene sandipatsanso moni, ndikumwabe madzi omwewo mpaka impso zitatha. Ndidakwiyanso kwambiri, chifukwa palibe adandilakwira mwachinyengo. Zonse zidachitika poyera, mwachilungamo, manja adawerengedwa bwinobwino.

Madzulo a tsiku lomwelo ndidaimbira mayi a Zainabu. Sindidawauze kanthu, ndidangofuna kumva mawu a kwathu. Iwo adali atangochokera ku sadaka ya malemu ena ndipo adali ndi zodandaula zawo.

"Amuna inu muli ndi nthawi," adatero. "Mawu amodzi okha, akuti mpunga wapsa anthu adye, adutsa pakamwa pa anthu asanu ndi mmodzi asanafike kwa a shehe. A shehewo ali pomwepo, akumva chilichonse. A uje, mawu ndi amenewo. Ndamva, a uje, akuti mpunga wapsa. Ife kuseri mpunga ukuzizira."

Ndidaseka, kenako nzeru idandibwerera. Ndidawauza kuti mayunitsi atha, ndipo ndidathamanga kukafuna anzanga aja.

Ndidawafotokozera mmene timachitira kwathu pamaliro, pa sadaka, ngakhale pa chinkhoswe. Mawu olemera sanyamula munthu mmodzi. Wonena amauza amene wayandikana naye, ameneyo avomera kuti wamva n'kuuza wina, winayo wina, ngakhale onse adamva kale poyamba paja. Akamafika kwa mwini nkhani, mawuwo amakhala atadutsa m'kamwa mwa aliyense. Palibe anganene kuti ine sindidali nawo, ndipo palibe amene ungamuloze kuti mawuwa ndi ake.

"Amenewo ndi mantha ovala jekete," adatero Dhan. "Mtsogoleri amaima n'kutchula dzina lake."

"Awiri adaima. Ali kuti lero?"

Dhan adafunsa, "Nanga wina akakhala kuti sakugwirizana nawo mawuwo?"

"Amawaimitsa pa iye, n'kuwabweza kumene achokera."

"Ndiye kuti aliyense ali ndi mphamvu yokana." Adakanda m'mutu. "Imeneyo ndi voti, kungoti mumaponya ndi pakamwa."

"Itche mmene ufunira, bola ine ndisakwere ndege."

Haji adali akusisita ndevu nthawi yonseyi. Adati iye adakhala ndi Aluya zaka zambiri ndipo amawadziwa. Mwa iwo, munthu akafika pamene anthu akhala pansi, ameneyo ndi mlendo, ndipo mlendo amapatsidwa chakumwa. Akachikana pamaso pa gulu, wadzichotsa yekha ulemu. "Inu bweretsani mawu," adatero. "Kapu ndibweretsa ine."

Dhan adatenga ntchito imene ankaidziwa. Adayenda chipinda ndi chipinda kutsimikiza kuti pa tsikulo pasadzasowe ngakhale munthu mmodzi, chifukwa bwalo likakhala ndi mpata, mawu amagwera pamenepo. Tidayeserera kawiri panthawi ya chakudya. Ulendo woyamba mawu adanyamuka akuti madzi a m'thanki akutidwalitsa, ndipo atadutsa m'zinenero zinayi adabwerera kwa ine akuti thanki ikufuna mkazi. Tidawafupikitsa mpaka aliyense adawagwira.

Lachinayi tidasankha nthawi yopuma masana, kuti wina asanene kuti tanyanyala ntchito. Tidakhala pansi pa simenti, m'chipinda chapansi cha nyumba imene tinkamangayo, bwalo limodzi lalikulu. Mawu tidawayambitsa galimoto ya bwanayo isanafike pageti, moti pamene ankalowa, atavala mkanjo woyera, kapitawo ali pambuyo pake, adapeza akuyenda kale. Aliyense ankatembenukira kwa wa kumanja kwake n'kunena kuti, "Ndamva kwa m'bale uyu kuti madzi a m'thanki akutidwalitsa. Iwe wamva?" Winayo ankayankha kuti wamva, n'kutembenukira kwa wotsatira. Palibe adakweza mawu, palibe adamuyang'ana bwanayo.

Adaima n'kufunsa ngati tikupemphera. Kapitawo adayamba kukalipa kuti tidzuke, koma mawu adapitirira kuyenda, kuchoka kwa wa ku Nepal kupita kwa Mfilipino, kwa Mfilipino kupita kwa wa ku Bangladeshi. Bwanayo adamvetsera kanthawi ndipo nkhope yake idasintha.

"Mtsogoleri wawo ndani?"

Kapitawo sadachedwe. Wina adali atamunong'oneza kale za msonkhano uja. Adandiloza ine. "Uyo. Adamusankha Lachisanu."

Nsapato za bwanayo zidabwera n'kuima patsogolo panga. Sindidadzuke. Ndidapereka salamu, adayankha.

"Mawu awa ndi ako?"

"Ndawamva kwa Haji, bwana."

Adatembenukira kwa Haji, amene adakhala kumanzere kwanga. Haji adati wawamva kwa mnyamata wa kumanzere kwake. Mnyamatayo adaloza wina. Bwanayo adatsatira zala zija, munthu ndi munthu, akuyenda m'kati mwa bwalo. Atafika pa Dhan adaima, chifukwa kapitawo adamuuza kuti uyu ndiye amachititsa zisankho.

"Ndi zoona kuti mudasankha munthu uja?"

Dhan sankanama, ndipo chisankho kwa iye chidali chinthu chopatulika.

"Chisankho chiti, bwana?" adatero. "Ine ndangomva kwa m'bale uyu kuti madzi akutidwalitsa."

Bwanayo adapitiriza kuzungulira mpaka zala zidamubweretsanso pa ine, pamene adayambira. Adandiyang'ana, adayang'ana bwalo lonse, ndipo ndidaona kuti akuwerengera mumtima kuti nyumba yake imalizidwa ndi ndani akatikweza ndege tonse. Pamenepo Haji adadzuka mwaulemu wonse, atanyamula ndi manja awiri kapu ya chitsulo yodzaza madzi a m'thanki.

"Mwatiyendera, bwana, dzuwa lili pamutu. Imwani madzi."

Bwanayo adayang'ana kapuyo, adayang'ana ife tonse tikumuyang'ana, ndipo adailandira ndi dzanja lamanja. Adamwa. Madziwo adakhala m'kamwa mwake nthawi yaitali, masaya atatupa, chifukwa kulavula pamaso pa anthu sakadatha. Pomaliza adameza, misozi ili m'maso. Otsalawo adapatsira kapitawo.

"Maliza," adatero.

Loweruka m'mawa kudabwera galimoto ina, thanki idatsukidwa, ndipo tidamwa madzi mpaka mimba kulira ngati ng'oma. Tidadikira sabata imodzi, ziwiri, mwezi, kuti tione amene apatsidwe pasipoti. Palibe adaitanidwa. Amene adachoka ndi kapitawo, adamusamutsira kwina. Ndidakondwa kwambiri, ndipo ndikuvomera kuti masiku amenewo ndinkayenda pakampu ngati ndine ndidalenga madzi.

Lachisanu lotsatira mkangano udayambiranso pamthunzi paja. Dhan adati chapambana ndi ulamuliro wa anthu onse, popeza aliyense adalankhula. Haji adati chapambana ndi bwalo lokhala pansi, monga amachitira akuluakulu kwawo, komanso kapu yake. Adandifunsa kuti ndiweruze. Ndidawauza kuti ndamva kwa Dhan kuti Haji akunama, ndipo Haji adatsala pang'ono kundithira tiyi.

Ndidamaliza kontirakiti yanga, ndidawonjezeranso ina, ndipo ndidabwerera tsiku limene ndidasankha ndekha. Kuno ndidapeza zambiri zasintha. Mayi a Zainabu adali atayamba geni ya mpunga, foni ili m'manja tsiku lonse, akukalipira amuna oyendetsa malole. Ana aang'ono adandipatsa moni wogwada ngati mlendo wa ku boma. Zainabu adali atakhoza Fomu 4 ndipo adamuitana ku sukulu ya unamwino. Adali wamtali kuposa mayi ake, wosalankhulalankhula, ndipo ndinkasowa poyambira kucheza naye.

Amene sadasinthe ndi alamu anga a Saidi. Adati pangano lathu lidali la sekondale, sekondale yatha, ndipo mnyamata wa ku Benga uja adadikira mokwanira, pano ali ndi galimoto. Adaitanitsa abale onse kuti nkhaniyi ithe. Ine sindidade nkhawa. Munthu amene adagonjetsa Mluya wa nyumba zosanja angaope mlamu wake? Ndidakonza anthu anga bwinobwino, mng'ono wanga Yusufu pafupi nane, kenako msuweni wa mayi a Zainabu, kenako mkulu wina wa kumzikiti, kuti mawu akamafika kwa alamu akhale atalemera ndipo asadziwe woti akangane naye.

Tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, amuna uku, amayi pamphasa uko. A Saidi adanena zawo, zidayenda, zidandipeza. Ndidakonza kukhosi n'kutembenukira kwa mng'ono wanga.

"A Yusufu, mawu tawamva. Tsono auzeni akuluakulu kuti akuti mwanayu..."

"Ababa, pepani."

Adali Zainabu. Adachoka pamphasa ya amayi, adabwera pakati pa bwalo n'kugwada moyang'anana ndi atsibweni ake.

"Pepani kuti ndakudulani. Koma mawu amenewa asazungulire, ndi anga." Adakweza maso. "Atsibweni, ine ndikupita ku sukulu ya unamwino. Bambo a ku Benga ndikuwathokoza, koma sindikwatiwa nawo, chaka chino kapena china. Musakwiyire ababa kapena amayi, sadanditume. Ndanena ndine."

Amayi ena adagwira pakamwa. Chimene adachitacho ndi chomwe ine ndidachithawa pamaso pa bwana uja, ndipo iye adalibe bwalo lomubisa. Manyazi adandigwira pang'ono, koma kunyada kudawaposa kutali, moti ndidaluma mlomo kuti ndisamwetulire.

A Saidi adandiyang'ana, akudikira kuti ndimudzudzule mwana wopanda mwambo. A Yusufu nawonso adandiyang'ana, akudikira kuti ndiwapatse mawu oti apititse. Ndidawadumpha onse amene ndidawakonza aja n'kuyang'ana alamu anga m'maso.

"Alamu, mwamva?"

Adayang'ana mwana wa mlongo wawo, amene adali chigwadire osagwetsa nkhope. Adavula kofia, adaitembenuza m'manja, adaivalanso.

"Ndamva," adatero.